Kusankha Mphira Yoyenera pa Makina Oziziritsa Zokolola

Inu alimi amene mumasunga ndiwo zamasamba, zipatso kapena mkaka m'chipinda chozizira cha pa esiteti kapena cha kalabu yanu, mukudziwa zimene zimachitika makina akasiya kuziziritsa. Mkaka umasasa tsiku lomwelo, ndipo tomato wofewa amagulidwa pa mtengo wotsika. Kawirikawiri cholakwika sichikhala chachikulu. Chimakhala kamphete ka mphira kapena gasiketi yotseka pamene mapaipi alumikizana. Mphirayo ikafooka, gasi woziziritsa amatuluka pang'onopang'ono mpaka kutha.

Mphira zonse zimaoneka zofanana, koma mtundu uliwonse uli ndi gasi wake amene umagwirizana naye. Mukaika yosayenera imatupa ndi kufewa, kapena imauma ndi kung'aluka. Ndiponso m'mapaipimo simuyenda gasi yekha. Muyendanso mafuta a kompuresa, ndipo mphira iyenera kupirira zonse ziwiri.

Choyamba werengani kachitsulo kolembedwa kamene kamamatidwa pa makina. Pamenepo pali nambala ya gasi.

Makina akale ankagwiritsa ntchito R-12 pamodzi ndi mafuta wamba ochokera pansi, ndipo mphira za nitrile ndi neoprene zinkachita bwino. Gasi ameneyu analetsedwa potsatira pangano la ku Montreal la 1987 chifukwa amawononga mpweya wa ozoni wotiteteza ku dzuwa, ndipo maiko ongotukuka kumene anasiya kumupanga ndi kumuitanitsa mu 2010. M'malo mwake munabwera R-134a, amene amafuna mafuta ena otchedwa POE. Pa gasi ameneyu funsani mphira ya HNBR. Nthawi zambiri imakhala yobiriwira, koma musadalire mtundu wokha. Werengani zolembedwa pa paketi. Mphira ya Viton ndi yodula, ndipo ena amayesa kuti chodula chimakhoza ponseponse, komatu mu R-134a imatupa.

Zipinda zozizira zambiri zakale zikadali ndi R-22, amene amagwirizana ndi neoprene. Apa ndi pofunika kumvetsa bwino, chifukwa gasi ameneyu nayenso akuchotsedwa, ndipo makina ambiri adzathiridwa gasi wina. R-22 amatupitsa mphira pang'ono, ndipo kutupako kumathandiza kutseka mpata. Mukamuchotsa ndi kuthira gasi watsopano, mphira yakale ija imanyala, mpata nkutseguka. Makina amagwira ntchito bwino masiku oyamba, kenaka gasi amene mwagula ndi ndalama zambiri amathawa. Tsono mmisiri akamasintha gasi, muuzeni asinthenso mphira zonse nthawi yomweyo, ngakhale zikuoneka zabwinobwino. Mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi botolo la gasi.

Mafiriji atsopano ambiri ali ndi R-600a kapena R-290. Awa ndi abale ake a gasi wophikira, ndipo amafuna nitrile kapena HNBR. Mphira ya EPDM ndi mphira yochokera ku mtengo zimatupa msanga. Makina aakulu a m'mafakitale amayendera amoniya, R-717. Kumeneko neoprene imachita bwino, Viton imawonongeka, ndipo washala wa mkuwa asayandikire nkomwe, pakuti amoniya amadya mkuwa.

Palinso chizolowezi chodula chubu cha njinga kapena cha galimoto nkupanga gasiketi. Pa mpope wa madzi mwina chingakuthandizeni, koma pa makina oziziritsa ayi. Chubu sichipirira mafuta. Chimafewa ndi kunyenyeka, ndipo tizidutswa take tingatseke kapaipi kakang'ono kodutsa gasi.

Ntchito yotsegula mapaipi ndi ya mmisiri wophunzira, koma inu mukhalepo ndi kuyang'anitsitsa. Mphira yatsopano ipakidwe mafuta omwewo a m'kompuresa, osati girisi. Imene yachotsedwa isabwezeredwenso. Zotsala zisungidwe m'paketi yake pamalo pamthunzi, chifukwa dzuwa ndi kutentha zimaumitsa mphira isanagwire nkomwe ntchito.

Akamaliza, pakani madzi a sopo polumikizira ponse makina ali ndi gasi. Pakatuluka thovu, pamenepo pakudontha. Pakapita sabata onaninso ngati palibe pamene panyowa mafuta ndi kugwira fumbi, chifukwa potuluka gasi pamatulukanso mafuta. Musayese ndi moto kapena nyali ya parafini, makamaka pa makina a R-600a ndi R-290, pakuti gasi ameneyu amayaka.