MIYALA YONYEZIMIRA NGATI GOLIDE

Alimi a ku Biriwiri ndi midzi yoyandikana nayo, mvula ikakokolola nthaka, kapena pamene mukumba chitsime, nthawi zina mumapeza mwala wachikasu wonyezimira. Musafulumire kutaya khasu. Akulu anati chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere.

Kawirikawiri mwala wotere ndi pyrite, ndiye chitsulo chosanganikana ndi sulufule. M'dziko muno ulipo wambiri pa phiri la Malingunde ku Lilongwe ndi ku Chisepo m'boma la Dowa. Uli ndi abale ake: chalcopyrite, mmene muli mkuwa wonga wa ku migodi ya ku Zambia, ndi galena, mmene muli mtovu, wonga umene anali kukumba ku Kabwe kufikira 1994.

Kusiyanitsa kwake nkosavuta. Menyani mwalawo ndi nyundo: golide amaphwatalala osasweka, koma pyrite amaphwanyika, ndipo ufa wake ndi wakuda. Ukandeni ndi mpeni: golide ndi wofewa, koma pyrite salola mpeni. Ndiponso golide amalemera pafupifupi kanayi kuposa pyrite wa msinkhu womwewo.

Nzoona kuti golide alipo m'mapiri a Kirk Range, ndipo anthu anampeza m'chigwa cha Lisungwe m'zaka za m'ma 1930. Nzoonanso kuti pyrite wina amabisa timagolide tosaoneka ndi maso. Koma timeneti sitituluka ndi nyundo kapena mbale yosefera. Pafunika makina ndi mankhwala a mtengo wapatali. Chifukwa chake tumizani mwalawo kwa akatswiri a miyala a Boma ku Zomba, amene ntchito yao inayamba mu 1921 ndi Frank Dixey. Kumbukiraninso kuti lamulo sililola kukumba miyala ya mtengo popanda chilolezo.

Chinthu china choopsa ndi ichi: pyrite akafukulidwa nakhala pamtetete, mpweya ndi mvula zimamsandutsa madzi owawasa a mtundu wa dzimbiri. Madziwo akatsikira kudimba amaononga nthaka, kotero kuti kabichi ndi mbatata ya kachewere sizikula bwino, ndipo nsomba za mumtsinje zimafa. Maenje osiyidwa amathyolanso miyendo ya ng'ombe.

Tsono mukapeza mwala wotere, sungani kachidutswa, kwirirani dzenjelo, nimubwerere kumunda nyengo yopalira isanathe.