Madzi a m'chifu akamapsereza kholingo

Matenda amene madokotala amawatcha laryngopharyngeal reflux amabwera pamene madzi a m'chifu akwera kudzera kummero mpaka kufika pakholingo, pamene pamatulukira mawu. Odwala ambiri samva chilungulira n'komwe. Amadandaula za kusasa mawu, kutsokomola kosatha, makhololo okanirira ndi kumva ngati pakhosi paima kanthu kosamezeka. Mphunzitsi kapena woimba kwaya pa mishoni ya Matandani ku Neno akhoza kutha miyezi akumwa mankhwala a chifuwa, chonsecho gwero lili m'mimba.

Chowononga si asidi yekha. M'madziwo muli pepsin, amene amagaya zakudya zomanga thupi ndipo amapangidwa m'chifu. Mmero umapirirako, koma mkati mwa kholingo ndi mosakhwima. Pepsin amakakamira m'menemo, kulowa m'maselo, ndipo asidi wina akafika amayambanso kugaya mnofu.

Pali njira yoyezera matendawa ndi utoto imene imatsamira pa mfundo imeneyi. Dokotala wa makutu, mphuno ndi pakhosi amayamba waunika kholingo ndi kakamera. Akapeza chotupa kapena chilonda pa timinofu ta mawu, amadulako kachidutswa ngati kanjere ka mpunga. Ku labotale amakaviika mu formalin, kukaumitsa m'phula, n'kukasenga tizigawo topyapyala kwambiri toti kuwala n'kudutsa. Tikayalidwa pagalasi, amathirapo mankhwala ogwira pepsin yekha, kenako utoto. Pamene pali pepsin pamaoneka pofiirira pa maikulosikopu, umboni woti za m'chifu zinafikadi pakholingo.

Njirayi ili ndi malire ake. Imasonyeza kuti pepsin alipo, koma siitsimikiza kuti ndiye anayambitsa chotupacho, ndipo imatheka kwa okhawo amene adulidwa kachidutswa. N'chifukwa chake ikadali kwambiri m'manja mwa ochita kafukufuku. Nthawi zambiri madokotala amadalira mafunso 9 a Reflux Symptom Index, amene akatswiri Belafsky, Postma ndi Koufman anafalitsa mu 2002. Mapointi a mayankho akapitirira 13, matendawa amaganiziridwa. Wodwala amapatsidwa mankhwala ngati omeprazole kwa miyezi iwiri kapena itatu, n'kulangizidwa kusiya fodya ndi kachasu, komanso kudya nsima yamadzulo kutatsala maola atatu kuti agone.

Kwa munthu wa ku Matandani, phindu lalikulu la kachidutswako lili pena. Khansa ndi TB ya pakholingo zimayambanso ndi kusasa mawu, ndipo Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansa ya kummero ndi yochuluka zedi padziko lonse. Utoto wa haematoxylin ndi eosin umaonetsa maselo a khansa, wa Ziehl-Neelsen umaonetsa tizilombo ta TB. Kumeza omeprazole wogula yekha popanda kuunikidwa kungabise matenda oopsa mpaka nthawi itatha.

Mawu akasasa kupitirira masabata atatu, wodwala ayenera kuonekera kuchipatala cha Matandani kapena cha boma ku Neno, kumene angamutumize kwa akatswiri a pakhosi ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre.