NDEKE ZAKALE ZA ASILIKARI ZIFUNA CISAMALIRO KU LIVINGSTONE

Alendo ambiri amene amafika mu mzinda wa Livingstone mitima yao imathamangira ku mathithi a Mosi-oa-Tunya. M'liwiro limenelo ena amapitirira kandeke ka asilikari kamene kanaikidwa poyera pafupi ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Livingstone Museum, m'mbali mwa mseu waukulu wopita ku mathithiko. Kandekeko ndi ka mtundu wa Chipmunk, ndipo sikaulukanso ai. Komabe mbiri ya asilikari a mumlengalenga a dziko lino siingalongosoledwe bwino popanda kuchula ndeke zotere ndi mzinda umenewu.

Ndeke yoyamba kutera ku Livingstone inali ya nkhondo. Inali ya mtundu wa Vickers Vimy, yopangidwa kuti iziponya mabomba pa nkhondo yaikuru ya 1914 mpaka 1918, ngakhale kuti nkhondoyo inatha ndekezi zisanagwire nchito imeneyo. Mapiko ake anali osanjikizana, apamwamba ndi apansi, opangidwa ndi matabwa ndi nsalu, omangidwa ndi mawaya. Oyendetsa anali kukhala pamtetete, mphepo ndi mvula zikuwaomba kumaso.

Asilikari awiri a ku South Africa, Pierre van Ryneveld ndi Quintin Brand, ananyamuka ku Brooklands m'dziko la England pa 4 February 1920, cholinga cao ciri kukafika ku Cape Town. Ndeke yao yoyamba, Silver Queen, inaonongeka asanapitirire dera la Egypt ndi Sudan, ndipo anapatsidwa ina imene anaicha Silver Queen II. Imeneyi ndiyo inadzera ku Abercorn, kumene lero ndi Mbala, ku Ndola ndi ku Broken Hill, kumene lero ndi Kabwe, nifika ku Livingstone kumayambiriro kwa mwezi wa March. Mabwalo amene inaterapo sanalambulidwe ndi makina. Anthu a m'midzi mazanamazana ndiwo anagwetsa mitengo ndi nkhwangwa ndi kugumula zulu za ciswe ndi makasu m'caka ca 1919. Cotero mbiri ya ndeke m'dziko lino iri ndi thukuta la alimi mkati mwake.

Silver Queen II inafika ku Bulawayo pa 5 March, koma m'mawa mwake inagwa ponyamuka niphwanyika. Amuna awiriwo anatsiriza ulendo wao pa 20 March m'ndeke yacitatu. Pamene anthu okonda ndeke zakale anafuna kubwereza ulendowu m'caka ca 1999, anauluka m'Vimy yocita kupanganso motsanzira yakale ija, ndipo tsopano imasungidwa ku Brooklands Museum. Cinthu cikatayika, kucibweza kumadya cuma ndi zaka zambiri.

Dzina la Livingstone linamvekanso m'mwezi wa May 1952, pamene ndeke ya Comet, yoyamba pa dziko lonse kunyamula anthu olipira ndi injini za jeti, inatera pa bwalo la mzindawu pa ulendo wake wocokera ku London kupita ku Johannesburg. Bwalo limenelo ndilo lichedwa Harry Mwaanga Nkumbula International Airport kuyambira mu 2011.

Koma nkhani yoyandikira kwambiri mitima ya eni dziko ndi ya 1964. Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland citatha pa 31 December 1963, katundu wa asilikari anagawidwa. Ndeke zamphamvu zomenyera nkhondo zinatsalira ku Southern Rhodesia, ndipo dziko lino linalandira zisanu ndi imodzi zonyamulira anthu ndi katundu: ma Dakota anai ndi ma Pembroke awiri. Ndi ndeke zimenezi kagulu ka Northern Rhodesia Air Wing kanayambira nchito ku Livingstone, ndipo pambuyo pa ufulu wa pa 24 October 1964 kanadzasanduka Zambia Air Force.

Kucepa kwa mphamvu zimenezi kunaonekera msanga. Pa 11 November 1965 Ian Smith analengeza ufulu wacipanduko tsidya lija la Zambezi, ndipo Livingstone anapezeka ali pakhomo penipeni pa mdani, mlatho wokha uli pakati. Popeza Zambia analibe ndeke zodzichinjirizira, boma la Britain linatumiza ndeke za Javelin ku Ndola ndi ku Lusaka m'mwezi wa December, zimene zinabwerera kwao mu 1966. Phunziro linali losabisika: mfuti yobwereka siilonda mudzi mpaka kalekale. Dziko linafunika ana akeake odziwa kuuluka.

Apa ndipo panali nchito ya Chipmunk. Kandeke aka, kamene kanauluka koyamba ku Canada mu 1946, kali ndi injini imodzi ndi mipando iwiri, wina kutsogolo wina kumbuyo. Wophunzira amakhala kutsogolo, mphunzitsi kumbuyo, ndipo onse awiri ali ndi zoongolera, kotero kuti mwana akalakwa mkulu amakonza msanga. Ndi mmene mlimi amaphunzitsira mnyamata kugwira pulawo: dzanja la mkulu silikhala patali. M'tindeke totere acinyamata a m'Zambia anaphunzira kunyamuka, kutembenuka ndi kutera. Pofika 1972 gulu lonse linali ndi mtsogoleri woyamba mwini dziko, a Peter Zuze, m'malo mwa akuluakulu ocokera ku Britain.

Ena anganene kuti tsabola wakale sawawa, ndeke yosauluka iri ndi phindu lanji? Yankho liri mu mzinda womwewo. Ku Railway Museum kumasungidwa masitima a malasha amene kale anali kukoka matabwa a mukusi kucokera ku Mulobezi. Sakokanso kanthu, koma mwana wa sukulu akaima pafupi nao amamvetsa m'kanthawi kocepa zimene buku likanamuuza m'masamba ambiri. Ndeke yakale nayonso ndi mphunzitsi wotero. Mwana wocokera ku Petauke kapena ku Lundazi akaona kucepa kwa Chipmunk amazindikira kuti anthu amene anayamba kulonda thambo la dziko lino anayambira pa kanthu kakang'ono.

Vuto ndi lakuti ndeke siinapangidwe kuti izigona panja zaka ndi zaka. Dzuwa la October ku cigwa ca Zambezi limasuwa utoto ndi kuumitsa magalasi. Madzi a mvula amalowa m'molumikizira, ndipo citsulo cimadyeka mkati mosaoneka, monga anankafumbwe m'nkhokwe. Mbali zina za mapiko a Chipmunk nzokutidwa ndi nsalu, imene imafumbwa msanga. Mbalame zimamanga zisa, ndipo anthu ogula zitsulo zakutha saona mbiri, amaona sikelo. Mankhwala ake si odula koposa: denga, utoto pa nthawi yake, mpanda, ndi cikwangwani colongosola mbiri m'zinenero zimene anthu wamba amawerenga.

Pali cuma cina cimene cimatha msanga kuposa citsulo. Amuna amene anayendetsa ndi kukonza ma Dakota ndi ma Chipmunk m'zaka zoyamba za ufulu tsopano ndi nkhalamba, ndipo ena anabwerera kumidzi kwao. M'masutukesi mwao muli zithunzi, mabuku olembamo maulendo, zipewa ndi mamendulo. M'mitu mwao muli nkhani zimene sizinalembedwe pena paliponse. Mabanja amene ali ndi zinthu zotere acita bwino kuzisunga pouma, kutali ndi ciswe, ndi kudziwitsa a Livingstone Museum, nyumba imene yakhala ikusunga mbiri ya dziko lino kuyambira mu 1934. Aphunzitsi a m'midzi nao angathe kuitana akuluakuluwa kuti alankhule ndi ana, mau ao nkulembedwa.

Akale anati citsime cidziwika kuya cikaphwa. Aphunzitsi ndi makolo amene adzatengere ana ku Mosi-oa-Tunya apatule mphindi zocepa, aime pafupi ndi kandeke kaja, ndipo awauze anawo cimene kanacita.