Tchalitchi cha Njerwa cha pa Mishoni ya Blantyre

Anzanga a ku Misesa, tsiku lina mukadzapita ku Wenela kukakwera basi, mudzapatukeko pang'ono. Pa mseu wa ku Chileka, pa Mishoni ya Blantyre, pali tchalitchi cha njerwa zofiira. Dzina lake ndi St Michael and All Angels. Ambiri timangochidutsa. Koma ife amene timaumba njerwa ndi kudzimangira tokha nyumba tiyenera kuchiyang'anitsitsa.

Anayamba kuchimanga m'chaka cha 1888, ndipo anachitsegula pa 10 Meyi 1891. Amene anatsogolera ntchitoyi ndi M'busa David Clement Scott wa ku Scotland. Munthuyu sanapite ku sukulu ya zomangamanga ayi. Amisiri ake anali makolo athu a konkuno, ndipo iwonso anali asanamangepo nyumba yotere. Njerwa anaumba pomwepo, naziotcha ndi nkhuni. Dzina lotchuka ndi la Scott, koma manja anali awo.

Njerwa zake si za chikombole chimodzi. Zilipo za maonekedwe 81, zina za ngodya, zina zopindika, zina zokometsera khoma. Asanamange gawo lovuta, ankayamba asanja njerwa zokhazokha popanda matope kuti aone ngati zikhala. Zikakana, ankaphwasula ndi kuyesanso.

Tsono yang'anani pamwamba pa makomo ndi mazenera. Njerwa zapindika ngati uta. Kodi bwanji sizigwa? Njerwa iliyonse imakankha inzake, ndipo ya pakati imatseka zonse. Katundu wa pamwamba akazipsinja, m'malo mogwa zimangogwirana kolimba. Koma kulemerako sikutha. Kumatsikira m'mbali, kufuna kukankhira makoma kunja. N'chifukwa chake kunja kuli mizati ya njerwa yochirikiza khoma, monga timachitira ndi mphanda pa nthochi yolemedwa ndi mkoko. Mzati wotere si chokongoletsa chabe.

Nzeru imeneyi ndi yakale. Ku Ulaya anamanga nayo matchalitchi akuluakulu a miyala, a kamangidwe kotchedwa Gothic. Cha ku Cologne, m'dziko la Germany, anachiyamba mu 1248 koma anachimaliza mu 1880. Taganizani, zaka zopitirira 600! Chathu ndi chaching'ono poyerekeza ndi chimenecho, koma chinatha m'zaka pafupifupi zitatu, ndipo anthu akupempheramo mpaka lero.

M'katimo muli mazenera a magalasi a mitundumitundu. Dzuwa likawomba, kuwala kwake kumagwera pansi ndi pa mipando. Limba loimbira nyimbo analiika mu 1907. Pamwamba pali denga lina lozungulira ngati mphika wovundikira.

Ine chimene chimandisangalatsa kwambiri ndi nsanja ziwiri za kumaso. Munthu wothamanga amaganiza kuti ndi mapasa. Si mapasa ayi. Mukafika, muime patali pang'ono, muziyerekeze, ndipo muwerenge pamene zasiyana.