Mitundo ithawa mukaseka? Osabisa ba sisi, kuli kopimisa

Muli pa kitchen party, ba matron bakamba yosekesa, bonse baphulika. Naimwe mwaseka, koma mwamvela kunyowa. Mwamanga chitenge mwamusanga, mwachoka osalaila na munthu.

Bakazi bambili bankhala na vuto iyi mwakachetechete. Benangu baleka kuvina ku church, benangu sabamwa manzi ngati bali na ulendo wa pa minibus. Bambili baganiza ati ni ukote chabe, olo ni mwamene vinkhalila ukabala. Iyayi. Aya ni matenda, ndipo yali na thandizo.

Vuto siimodzi

Kuthawa kwa mitundo kuli mitundu. Kuli kwamene mitundo ichoka mukakhosomola, mukaseka olo mukanyamula chigubu cha manzi. Apa minofu yamene igwila chikhodzodzo yafooka, kambili chifukwa cha mimba, kubala, kunenepa olo kusiya kusamba. Madokotala baitana ati stress incontinence.

Kuli futi kwamene mumvela chabe mwadzidzidzi kuti mufuna kutunda manje manje, musanafike ku toilet yachoka kudala. Apa chikhodzodzo chizifinya cheka nthawi isanakwane. Benangu bali na vonse vibili pamodzi.

Mankhwala yosiyana. Operation yamene ithandiza vuto yoyamba siichilisa yachibili. Ndiye chifukwa dokotala afunika kuziba bwino bwino chamene chichitika mukati.

Kupima kwa urodynamics

Zina imveka yoyofya, koma ni kupima chabe mwamene chikhodzodzo chisungila na kuchosa mitundo. Mubwela muli na mitundo, mutunda mu toilet yapadela yamene ipima kuchuluka na liwilo. Pambuyo baona ngati yasalako mukati.

Ndiye baika ka chubu kang'ono ngako mu njila ya mitundo, na kenangu kumatako olo ku ukazi. Baloweza manzi yoyela pang'ono pang'ono mu chikhodzodzo, uku kompyuta ilemba pressure. Bazamufunsani pamene mwayamba kumvela kufuna kutunda, na pamene simungapilile futi. Bazamuuzani kukhosomola kuti baone ngati yazachoka. Ikachoka osachita manyazi, ndiye vamene bafuna kuona. Chikhodzodzo cha munthu mukulu chisunga pafupifupi 400 kufika 600 ml.

Vonse vitenga mphindi 30 kufika ola imodzi. Sibamugonekani tulo, ndipo mubwelela ku nyumba siku yamene iyo. Kungababe pang'ono potunda kwa siku imodzi olo yabili, so imwani manzi yambili. Mukamvela thupi kutentha olo mitundo kununkha, bwelelani kuchipatala, ndaba nthawi zina tuzilombo tumalowa.

Osathamangila makina

Si aliyense afunika kupima uku. Mu 2012 ku America banalengeza vamene banapeza pofufuza bakazi 630 bamene benze na vuto ya kukhosomola chabe yopanda vina. Banapeza kuti bamene banapimiwa na makina basanapite ku operation sibanachile kupambana bamene dokotala anangobapima mu ofesi. Makina yathandiza maningi ngati vizindikilo vasakanikilana, ngati mitundo siisila yonse potunda, olo ngati operation yoyamba siinasebenze.

Yambilani pa clinic yanu. Bazayamba kupima mitundo kuona ngati muli infection, ndaba nayo ipangisa kutunda pafupi pafupi. Lembani mu ka buku kwa masiku 3 vamene mwamwa, nthawi yamene mwatunda na pamene yathawa. Aka ka buku kamuuza vambili dokotala.

Kuli na ma exercise ya Kegel. Finyani minofu ya pansi monga muletsa mphepo kuchoka, gwilani pang'ono, masulani. Chitani maulendo 8, katatu pa siku, kwa miyezi 3 osalekeza. Mungachite muli pa stand ku Soweto Market, palibe azaziba. Chepesaniko na tea, coffee na mowa.

Chimodzi chofunika: ngati mitundo ichoka nthawi zonse usiku na muzuba, maka maka pambuyo pobala movutika, iyo ingankhale fistula. Nayo bamakonza na operation, so osachedwa.

Ba sisi, ndalama ya ma pad mwezi na mwezi ni yambili. Mailo m'mawa pitani pa clinic, muuzeni nurse mwamene vilili. Anamvelapo kale nkhani monga yanu.