MKANGANO WA GAWO LACITATU LA SEWERO LIMENE LINAPEZEKA KU JOS

LUNDAZI: Akulu-akulu a kwa Mwase, kwa Magodi ndi kwa Mphamba akali kukumbukira masiku amene galimoto ya a Zambia Information Services inali kufika madzulo pa bwalo la sukulu, anyamata ndi kupacika nsalu yoyera, injini ndi kuyamba kulira, mudzi wonse ndi kukhala pansi kupenya kanema. Mafilimu aja anali kubwera m'zitini zozungulira, zonga mbale ziwiri zovundikirana. Panalibe amene anaganizako kuti citini cotere cingadzasanduke cuma cokanganitsa anthu a maiko akutali. Koma lero ku Britain, ku Australia ndi ku America kuli anthu amene atha zaka zoposa khumi akukangana za citini cimodzi cotere, cimene cinaoneka komaliza m'cipinda cosungiramo katundu mu mzinda wa Jos, m'dziko la Nigeria.

M'citinimo munali gawo limodzi la sewero lochedwa Doctor Who. Seweroli linayamba kuonetsedwa pa wailesi ya kanema ya BBC pa 23 November 1963, kutatsala miyezi 11 kuti dziko la Zambia lilandire ufulu. Mwini nkhani ndi munthu wochedwa Dokotala, koma si wa ku cipatala ayi. Iye ndi mlendo wocokera ku dziko lina la kutali m'mlengalenga, ndipo amayenda m'kanyumba kooneka ngati ka telefoni ka apolisi, kakang'ono kunja koma kotakasuka mkati. Kanyumbako kamamtengera ku zaka zakale ndi ku zaka zimene zisanafike. Amene anakulira pa nthano za Kalulu sadzavutika kumumvetsa munthuyu, pakuti nayenso sanyamula mkondo kapena mfuti, koma amagonjetsa zilombo zazikulu ndi kucenjera kokha.

Zambia ndi limodzi la maiko amene anagula seweroli m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970. Wailesi ya kanema inayambira ku Kitwe m'caka ca 1961, ndipo kwa zaka zambiri inali ya anthu a m'mizinda ya m'mbali mwa njanji. Kuno ku Lundazi anthu anali kudalira wailesi ya mau, conco ana amene anaona Dokotala masiku amenewo ndi okhawo amene makolo ao anali pa nchito ku migodi kapena ku Lusaka.

Nkhani imene yautsa mkangano ikuchedwa The Web of Fear, ndiko kunena ukonde wa mantha. Inali ndi magawo 6, lililonse la mphindi pafupifupi 25, ndipo inaonetsedwa kucokera pa 3 February kufika pa 9 March 1968, patangopita milungu yocepa kuno kwathu anthu atayamba kugwira kwacha ndi ngwee m'malo mwa mapaundi ndi masheleni. M'nkhaniyi anthu onse athawa mu mzinda wa London cifukwa ca nkhungu yakupha. Pansi pa mzindawo, m'ngalande zimene mumayenda masitima a pansi pa nthaka, mukufalikira cinthu coyera conga ndandaula za kangaude, ndipo mukuyendayenda zilombo zaubweya zochedwa Yeti. Zilombozi ndi makina, ndipo amene akuziyendetsa ndi mzimu wopanda thupi wochedwa Nzeru Yaikulu. Kagulu ka asilikali katsekerezedwa m'ngalandemo pamodzi ndi Dokotala, ndipo onse akudziwa kuti mmodzi mwa iwo ndi kazitape wa mdaniyo, koma palibe akudziwa kuti ndani. Mantha eni-eni a seweroli ali pamenepa, pa anthu odya m'mbale imodzi amene ayamba kupenyana ndi diso la nkhwezule.

Dokotala anali Patrick Troughton, ndipo wotsogolera kujambula anali Douglas Camfield. Ngalande zija zinamangidwa m'nyumba yojambulira, koma zinafanana kwambiri ndi zeni-zeni kotero kuti akulu-akulu oyang'anira masitima a mu London anadandaula, poganiza kuti ojambula analowa m'ngalande zao popanda cilolezo.

Kusowa kwa seweroli kunayambira ku BBC komweko. Masiku amenewo tepi yojambulira inali yodula kwambiri, ndipo sewero likaonetsedwa anali kufufuta tepiyo ndi kujambulapo zina, monga mwana wa sukulu afufuta sileti. Mapangano a ocita masewero sanali kulola kubwereza sewero nthawi zambiri, ndipo pamene kanema wa mitundu anafika, zithunzi zakuda ndi zoyera zinaoneka ngati zakutha nchito. Kufufutaku kunapitirira mpaka m'caka ca 1978. Mwa magawo 253 a zaka 6 zoyambirira, ambiri anali atapita. Pa The Web of Fear panatsala gawo loyamba lokha.

Cimene cinapulumutsa ena ndi malonda. Asanafufute tepi, a BBC anali kukopera seweroli pa filimu ya mamilimita 16, yofanana ndi ija ya m'galimoto za kanema, kuti aligulitse kunja. Filimu imodzi inali kuyenda dziko ndi dziko: wailesi ina ikatha kuonetsa, inali kutumiza zitini kwa inzake. Wotsiriza anayenera kuzibweza ku London kapena kuziotcha. Ena sanacite zimenezi, ndipo zitini zinangokhala pa mashelefu. M'caka ca 1992 nkhani yathunthu yochedwa The Tomb of the Cybermen inabwezedwa kucokera ku Hong Kong, ndipo okonda seweroli anayamba kuloza maso ku maiko onse amene analigulapo, makamaka a mu Africa.

Bambo Philip Morris, a ku England, anatha zaka zingapo akuyendera nyumba za wailesi m'maiko osiyana-siyana, kusanthula m'zipinda zosungiramo mafilimu. Mu October 2013 a BBC analengeza kuti Bambo Morris apeza magawo 9 ku Jos: 5 a nkhani yochedwa The Enemy of the World, ndi 4 a The Web of Fear, ndiwo laciwiri, lacinai, lacisanu ndi lacisanu ndi cimodzi. Magawo osowa anatsika kucoka pa 106 kufika pa 97. Okalamba amene anaona seweroli ali ana analipenyanso patapita zaka 45. Koma cimwemwe cinali ndi mpeni kumphasa, pakuti gawo lacitatu panalibe.

M'caka ca 2015 Bambo Morris anauza msonkhano wa okonda seweroli kuti gawo lacitatulo analiona ndi maso ao pa shelefu pamodzi ndi anzake, koma linasowa pa nthawi imene anali kukambirana zotumiza zitinizo ku London. Iwo anati akukhulupirira kuti wina anamva za mtengo wake, ndi kulitenga kukagulitsa kwa munthu wosonkhanitsa mafilimu akale. Kucokera tsiku limenelo mkangano sunazirale.

Wofunsa angati, nanga gawo limodzi mwa 6 lavutiranji? Yankho lake ndi munthu mmodzi. M'gawo limeneli ndi mmene munaonekera koyamba msilikali wochedwa Lethbridge-Stewart, amene anaseweredwa ndi Nicholas Courtney. Msilikaliyu anadzakhala bwenzi lalikulu la Dokotala, ndipo anaonekabe m'seweroli mpaka m'caka ca 1989. Bambo Courtney anamwalira mu 2011, zitini za ku Jos zisanalengezedwe. Owonerera a mu 1968 sanali kudziwa kuti munthuyu adzakhala bwenzi. Anangomuona atatulukira mumdima, mfuti ili m'manja, ndipo ambiri anamuyesa kazitape uja. Okonda seweroli amafuna kuona nkhope yake pa mphindi imeneyo. Amakumbutsananso kuti m'gawo laciwiri munaoneka nsapato zake zokha, ndipo amene anazivala anali munthu wina. Coseketsa n'cakuti kukumana kweni-kweni kwa Dokotala ndi msilikaliyu sikunajambulidwe konse, pakuti pamene owonerera akuwaona, awiriwa akumana kale. Conco ngakhale citinico citabwera mawa, moni wao woyamba sudzapezekamo.

Mkangano waukulu uli pa munthu amene akuganiziridwa kuti akusunga filimuyo. Ena akuti ameneyo wabisa cuma ca anthu onse ndipo ayenera kuyankha mlandu. Ena akuti kuopseza sikubweza kanthu, pakuti nyama yoopsezedwa imalowa kukati kwa una. Iwowa amakumbutsa kuti magawo angapo amene alipo lero anapulumuka m'manja mwa anthu wamba amene anatola zimene eni ake anataya, ndipo akuti wosungayo alonjezedwe kuti sadzamangidwa akabweza. Mau a gulu laciwirili ali ndi nzeru, cifukwa filimu siyembekeza kuti mlandu uthe. Ikakhala pa malo otentha ndi acinyezi imayamba kununkha ngati viniga, kenaka imafota ndi kumatana, ndipo ikafika pamenepo palibe mmisiri angaidzutse.

Palinso kukangana pa zimene zaikidwa m'malo mwa gawolo. Wojambula wina dzina lake John Cura anali kujambula zithunzi zoima pa galasi la wailesi ya kanema sewero lili mkati, ndipo zithunzi zake anaziphatikiza ndi mau a seweroli kuti nkhani imveke. M'caka ca 2021 gawo lacitatu linapangidwanso ndi zidole zojambula pa kompyuta. Ena anayamika kuti dzenje lakwiririka, koma ambiri anadandaula kuti zidolezo zikugwedeza manja mopitirira ndipo sizifanana ndi anthu amene iwo amawadziwa.

Pali mbali ina imene okangana saichula kawiri-kawiri. Dzina la wopeza likudziwika kulikonse, koma anchito amene anasunga zitinizo ku Jos kwa zaka makumi, osaziotcha kapena kuzitaya pokonza cipinda, sachulidwa. M'nkhani zambiri dziko la Nigeria limamveka ngati malo amene gawo limodzi linasowera, pamene ndi kumene magawo 9 anakhala bwino eni ake atafufuta ao. Mlonda wa nkhokwe ayenera kuyamikidwa asanafunsidwe za citsononkho cimodzi cosowa.

Nanga mau a gawo losowalo anacokera kuti? Anacokera kwa ana ndi acinyamata. M'zaka za m'ma 1960 m'nyumba zambiri munalibe makina ojambulira kanema, conco ena anali kuika makina ojambulira mau pafupi ndi wailesi ya kanema, ndi kupempha a m'nyumba kuti akhale cete. Matepi ao anawasunga mpaka kukula. Cifukwa ca iwowa, palibe gawo la Doctor Who limene mau ake anasoweratu, ngakhale zithunzi zake zinapita.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikutikhudza ife a cigawo ca Kum'mawa, pakuti nafenso tinali ndi masewero athu a pa mphepo. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 mabanja anali kuzinga wailesi kumvera Poceza m'Madzulo, pamene malemu Julius Chongo anali kusimba nthano m'Cinyanja, munthu mmodzi kusintha mau kukhala nkhalamba, mwana, mfumu ndi fisi. M'mawa mwake anthu anali kukambirana ku munda ndi ku citsime za amene analakwa m'nthanoyo, monga mmene a ku Britain akambirana za kazitape wa m'ngalande. Zina mwa nthano za Bambo Chongo zilipo lero m'buku cifukwa Dr Ernst Wendland, mphunzitsi wa ku Lusaka, anazimvera pa matepi ndi kuzilemba, ndipo buku lake linasindikizidwa m'caka ca 2004. Koma buku silingatulutse mau a mwini wake.

M'midzi ya Lundazi muli aphunzitsi opuma, anchito a ku migodi amene anabwerera kwao ndi akulu a mipingo amene anali ndi mawailesi a kaseti. M'masutikesi ao mungakhale matepi a nthano za pa wailesi, nyimbo za vimbuza ndi ingoma, kapena mau a mafumu amene anatisiya kale. Ana akamakonza m'nyumba ya malemu, makaseti otere ndi amene amayamba kuponyedwa kudzala, ndipo ena amasomola tepi yake kukamangira m'munda kuopseza mbalame. Amene ali nao awacotse padzuwa ndi pa cinyezi, awaike patali ndi ciswe, alembe pa cikuto zimene zilimo ndi caka cake, ndipo afunse a ofesi ya ZANIS pa Boma kapena a wailesi ya Chikaya za mmene mauwo angakoperedwe pa kompyuta tepi isanamatane.