Zimene Mvula Inatiululira Kuseri kwa Tchalitchi

Kuno ku Kalomwe, kumalire a dziko lathu la Mozambique ndi boma la Dedza ku Malawi, mvula ikayamba mu Novembala timaiyamika tonse, pakuti chimanga, nyemba ndi kachewere zimene dziko la Angonia limadziwika nazo zimadalira madzi ochokera kumwamba. Koma akuluakulu anati walira mvula walira matope. Pofika Januwale ndi Febuluwale mvumbi umatha masiku osakata, nkhungu imatsika m'mapiri mpaka pakhomo, zovala sizimauma pachingwe, ndipo denga lililonse limene mwini wake ankati ndi labwino limayesedwa. Chaka chino mvula inayesa denga lathu, ndipo inatiululira zinthu zimene tafuna kuti tigawane nanu, ngakhale zina ndi zotichititsa manyazi.

Kachipinda kotsekedwa

Kuseri kwa tchalitchi chathu kuli kachipinda kosungiramo katundu. Lata limodzi linali litachita dzimbiri pamsomali, ndipo madzi ankadontha usiku ndi usana popanda wodziwa. Tsiku lachisanu la mvumbi mkulu wa mpingo wosunga makiyi anabwera kunyumba kwathu nati, "Abusa, tiyeni mukaone nokha, pakamwa panga sipangathe kufotokoza."

Titatsegula chitseko, fungo la chuku linatilonjera. Munali mabenchi othyoka miyendo amene tinkati tidzakonza, nyale za palafini zopanda magalasi, ndi makina olembera makalata amene anasiya kugwira ntchito ife tisanafike pampingo pano. Munali katoni ya mabuku a Nyimbo za Mulungu imene chiswe chinalowa ndi pansi. Munalinso chitini cha ndalama za mapepala, zokulungidwa bwino m'kansalu. Zinali ndalama zakale, za nthawi ija boma lisanasinthe metikali mu 2006, pamene 1,000 yakale inasanduka metikali imodzi yatsopano. Nthawi yokasintha kubanki inatha kalekale, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe mwa akulu a mpingo amene anakumbukira kuti zinasonkhedwera ntchito yanji. Wina anazipereka kwa Mulungu atagulitsa nkhuku yake, ndipo ife tinazisunga mpaka zinasanduka mapepala wamba.

Chimene chinatilasa mtima koposa chinali pakona: mabulangete 14 amene abale ena anatumiza zaka zinayi zapitazo kuti tigawire osowa. Pa nthawiyo bwalo la mpingo, ife tili pampando, linagwirizana kuti tiyembekeze tsiku la vuto lalikulu. Onse anali atanyowa, asanu ndi anayi atawola osathekanso kuchapa. Sabata yomweyo khoma la nyumba ya mayi wina wamasiye wa mpingo wathu linali litagwa ndi mvula, ndipo iye ndi adzukulu ake atatu ankagona m'khitchini ya mnansi, atafunda zitenje. Lamulungu tinawapempherera kuguwa ndi mawu okoma, mabulangete awo akuwola kuseri kwa khoma limene tinaliyang'anitsa msana.

Chifukwa chake timaunjika

Sitikulemba izi kuti tidzudzule anthu osunga zinthu, pakuti tikudziwa kumene khalidweli linachokera. Ambiri a ife a msinkhu wa zaka makumi anayi kapena kuposerapo tinawoloka malire awa tili ana, m'zaka za nkhondo, makamaka kuyambira 1986, amayi athu atasenza mtolo umodzi pamutu. Anthu a ku Mozambique oposa 1 miliyoni anathawira ku Malawi, ndipo ochuluka a kuno anakhala m'maboma a Dedza ndi Ntcheu. Mgwirizano wa mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, tinabwerera ndi kupeza nyumba zili mabwinja, minda itasanduka tchire. Munthu amene anayamba moyo wake kachiwiri ndi khasu limodzi ndi poto mmodzi sataya ngakhale msomali wopindika. Chilala cha 2024 chinangodzutsanso mantha akale aja.

Mawu a Mulungu saletsa kusunga. Pa Genesis 41 tikuwerenga za Yosefe amene anasunga tirigu zaka zisanu ndi ziwiri, koma njala itafika anatsegula nkhokwe zonse, anthu nadya. Pa Eksodo 16 tikuona ena mwa Aisraele amene anasunga mana mpaka mmawa chifukwa chosakhulupirira kuti Yehova adzaperekanso, ndipo anapeza mphutsi ndi fungo. Yosefe ankasungira anthu, pamene awa ankasungira mantha awo. Titaima m'kachipinda kaja tinazindikira kuti mabulangete athu anali ngati mana ogonetsa.

Ulendo wa ku Ulongwe

Patapita masiku owerengeka tinaperekeza mnyamata wina wa mpingo wathu, mwana wamasiye, ku Vila Ulongwe. Iye anasankhidwa kukaphunzira za ulimi ku sukulu ya ukachenjede ya UniZambeze, imene nthambi yake ya zaulimi ili m'tauniyo. Tinakwera chapa mvula ikuwaza, phiri la Domwe litabisika m'mitambo. Katundu wake yense anali chikwama chimodzi, mbaula, poto, kathumba ka ufa ndi nyemba zimene amayi a Chigwirizano anamusonkhera.

Ulongwe pa nyengo yotsegulira sukulu ndi tauni ya achinyamata. Tinawaona atabisala mvula m'makhonde a masitolo, mabuku atawakulunga m'majumbo, ena akuyankhula Chipwitikizi, ena Chisena, ena Chinyungwe, ena Chichewa chathu. Ambiri amachita lendi tizipinda ting'onoting'ono awiriawiri. M'chipinda chimene mnyamata wathu anafikira munali mphasa ziwiri, misomali inayi yopachikapo zovala, ndi thabwa loikapo mabuku. Tinayang'ana uku ndi uku ndi kumva chisoni, koma mnzake amene anali m'chaka chachitatu anaseka nati, "Musadandaule abusa, muno mulibe chotisowetsa tulo. Tikafuna kusesa, timatha tisanamalize ndime imodzi ya nyimbo."

Tikudikira kuti mvula ikate, tinamufotokozera za kachipinda kathu. Iye anatiyankha ndi zimene amaphunzira. Anati chimanga chochuluka chimawonongeka chitalowa kale m'nyumba, chifukwa timachisunga chisanaume bwino. Chimanga choyenera kulowa m'thumba chizikhala ndi chinyontho chosaposa magawo 13 pa 100 alionse, ndipo mlimi angathe kuyesa poika njere m'botolo louma pamodzi ndi mchere wouma ndi kukhutchumula: mchere ukamamatira m'mbali mwa botolo, chimangacho chikadali chachiwisi. Anatiuzanso za matumba osalowa mpweya monga a PICS, amene anankafumbwe amafera mkati popanda mankhwala. Kenaka anawonjeza mawu amene tinabwera nawo kunyumba: musanalonge zokolola zatsopano, tulutsani zakale zonse, sesani nkhokwe ndi kutentha zinyalala, chifukwa anankafumbwe a chaka chatha amabisala m'zotsalira ndipo ndi amene amayamba kudya chimanga cha chaka chino.

Masana tinapita ku Hefsiba, sukulu ya Mpingo wa Reformed imene inayamba kuphunzitsa abusa nkhondo itangotha. Tinali titanyamula katoni ya mabuku athu a zaumulungu amene anakhala pashelefu zaka zambiri osatsegulidwa. Kunena zoona, tinkawasunga kuti alendo olowa m'nyumba aziona kuti abusa ndi ophunzira. Ophunzira atatu anagawana mabukuwo ife tikuona, ndipo wina anayamba kuwerenga ali chiimire pakhonde. Pamenepo tinakumbukira mbiri ya mpingo uno. Mu 1922 boma la Apwitikizi linatseka ntchito ya mishoni imene inayambira ku Mphatso, ndipo kwa zaka zambiri Akhristu a kuno anakhala opanda abusa ndi nyumba zopemphereramo, nawoloka malire pansi kukabatizitsa ana ndi kukadya Mgonero. M'chaka chomwecho cha 1922 Buku Lopatulika linatuluka lathunthu m'chinenero chathu. Makolo athu analibe chipinda chosungiramo katundu, koma chikhulupiriro anatisiyira chamoyo, chifukwa chimene anali nacho ankachigwiritsa ntchito ndi kupatsirana.

Milu itatu

Titabwerera ku Kalomwe tinaitana akulu a mpingo, amayi a Chigwirizano ndi achinyamata, ndipo dzuwa litawala Loweruka tinatulutsa zonse pabwalo. Tinaunjika milu itatu: zosunga, zopereka ndi zotentha. Mabulangete asanu amene anapulumuka anachapidwa ndi kupita kwa mayi wamasiye uja tsiku lomwelo, ndipo ife ndi akulu awiri tinapita nawo kukapepesa pamaso pake. Iye anangoti, "Zikomo abusa, Mulungu sachedwa." Mawu amenewa anatipweteka kuposa chidzudzulo, pakuti amene anachedwa tinali ife. Achinyamata anakonza mabenchi atatu kuchokera pa asanu ndi awiri othyoka, ndipo lata lija linasinthidwa.

Sitinataye zonse ayi. Mabuku a maina a obatizidwa ndi a maukwati tinawayanika mosamala ndi kuwaika m'bokosi lachitsulo. Kunyumba kwathu amayi busa anakana kutaya kapoto kobooka kamene mayi awo ankaphikira kumalo a othawa nkhondo, ndipo anachita bwino. Pa Yoswa 4 Aisraele anaimika miyala khumi ndi iwiri kuti ana akadzafunsa, makolo adzawauze zimene Yehova anachita. Chinthu chimene chimatsegula pakamwa pathu kufotokozera ana ubwino wa Mulungu ndi choyenera kusungidwa. Chimene chimangodikira dzimbiri pamene mbale wathu akuchisowa lero ndi chake cha mbaleyo.

Bwalo la mpingo lagwirizana zinthu ziwiri. Choyamba, chaka chilichonse mu Okutobala, mvula isanagwe, kachipinda kaja kazitsegulidwa pamaso pa anthu ndipo katundu yense azilembedwa. Chachiwiri, mphatso iliyonse yobwera m'dzina la osowa isamathe mwezi isanafike kwa eni ake. Tikupempha mipingo inzathu kuti ilingalire zomwezi.

Tikupemphanso banja lililonse kuti sabata ino liyang'ane pansi pa bedi, m'sutikesi ndi kudenga. Mwina muli juzi imene mwana wanu anaikula, pamene mwana wa mnansi akupita kusukulu akunjenjemera ndi chisanu cha kumapiri kuno. Mwina muli Baibulo lachiwiri pamene wa m'kalasi ya ubatizo alibe. Kupatsa n'kuika, anatero makolo, ndipo Ambuye Yesu pa Mateyu 6:19-21 anatiphunzitsa za malo okhawo amene njenjete ndi dzimbiri sizifikako. Ndipo pamene mukusesa m'nyumba, kumbukirani uphungu wa wophunzira uja wa ku Ulongwe. Mumtima namonso mumatsalira zakale: mkangano wa malire a munda, mawu amene mlamu anayankhula pamaliro, ngongole imene tinati takhululuka koma timaiwerengabe. Zotsalira zimenezi ndi zimene zimadya Mawu atsopano amene timalandira Lamulungu lililonse. Tisanafike pa Mgonero ukubwerawu, tiyeni tizitulutse, tipite kwa mbale wathu, tikonze.

Ambuye amene amatipatsa mvula pa nyengo yake atipatsenso mitima yotsegula nkhokwe. Chisomo chikhale ndi inu nonse.